Anandilola kugwirira ntchito kunyumba, koma pangano linali la pakamwa

Ndine loya. Ndimagwira ntchito pa ofesi ina ya maloya m'tauni muno mu Blantyre, kunyumba ndi ku Chirimba. Ndalemba izi chifukwa atsikana amene angoyamba kumene ntchito yathuyi akhala akundikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Asisi, inu munatani kuti akuloleni kugwirira kunyumba?" Kuloledwako sikunavute ayi. Zovuta zinabwera pambuyo pake, ndipo zina zinandidyera ndalama ndi mbiri yomwe.

Mwana wathu wachiwiri anabadwa kumayambiriro kwa 2022, mkulu wake atangoyamba sitandade 1. Ndinachira kudzera pa opaleshoni. Tchuthi cha uchembere chimene lamulo la Employment Act limapereka ndi masabata osachepera 8, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, malipiro osadulidwa. Ku ofesi anandipatsa 8 omwewo. Amene anaberekapo akudziwa kuti masabata 8 amatha mwana khosi lisanalimbe, bala nalo likumvekabe ukanyamula chinthu cholemera. Ndipo loya sayenda chimanjamanja, amayenda ndi mafayilo, mabuku ndi mwinjiro.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutha ndinapita kukaonana ndi mkulu wa ofesi yathu. Ndinati, "Bwana, ndimapempha ngati n'kotheka ndizibwera masiku a kukhoti, masiku enawo ndizigwirira kunyumba mpaka mwanayu akuleko." Sanachedwe n'komwe kuyankha. "Aa mayi, palibe vuto. Nthawi ya Covid sitinkagwira choncho? Bola ntchito iziyenda." Tinagwirana chanza, ine n'kutuluka mtima uli m'malo. Sitinalembe kalikonse. Sitinakambirane kuti masiku ake ndi ati, foni ndiziyankha mpaka nthawi yanji, bandulo azigula ndani, makalata obwera m'dzina langa aziwalandira ndani. Mawu aja akuti "bola ntchito iziyenda" ndinawamva ngati chifundo, koma ndi omwe anadzandimanga, chifukwa amene amaona ngati ntchito ikuyenda kapena ayi sindinali ine.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa ndinapita kukapempha ngati wopempha chithandizo pomwe mbali ina inali ufulu wanga. Lamulo la ntchito lija linasinthidwa mu 2021. Tsopano mayi woyamwitsa ali ndi nthawi yoyamwitsira ya theka la ola, kawiri pa tsiku, kwa miyezi yosachepera 6 mwana atabadwa. Komanso adokotala akalemba kuti n'kofunika, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa angathe kugwirizana ndi abwana ake kuti azigwira maola ochepa kapena osinthasintha, malipiro osakhudzidwa. Abambo nawo ali ndi tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu. Zimenezi ndinkazidziwa, ndinali nditalemberapo makampani malangizo pa nkhani yomweyi, koma pa ine mwini sizinandibwerere m'mutu. Abambo akunyumba nawo masabata awo awiri aja sanatenge, ati kuntchito kwawo palibe mwamuna amene anayamba watengapo, angawaseke. Kalata ya adokotala muziitenga musanalowe mu ofesi ya bwana. Kukambirana kumayamba mosiyana ukakhala ndi pepala m'manja.

Mdani woyamba anali magetsi. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu yamagetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo makina opangira magetsi kumeneko anadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Ndiye chaka chonse chimene ndinayamba kugwirira kunyumba chinali chaka cha mdima. Ku ofesi kuli jenereta, ku Chirimba kunalibe. Laputopu yanga inkapirira maola angapo, koma pulinta ayi, ndipo ntchito ya loya wa kuno ikadali ya mapepala: usindikize, usayine, udinde, mesenjala akasiye ku khoti. Ndinayamba kudzuka usiku magetsi akayaka kuti ndisindikize za mawa, nthawi yomweyo yomwe mwana ankadzuka kufuna bere. Mapeto ake tinagula inveta, batire ndi sola imodzi. Tinazengereza kugula, kuyembekeza kuti mwina zinthu zisintha, mpaka kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May, mitengo n'kukwera tikuona. Zonse pamodzi zinadya ndalama yoposa malipiro anga a miyezi iwiri, ndipo ofesi sinaikepo tambala, poti ndinali nditapempha ndekha.

Bandulo nayo ndinkagula ndekha, ya manetiweki onse awiri, TNM ndi Airtel, chifukwa misonkhano ya pa Zoom sidikira kuti netiweki ibwerere. Masiku oipitsitsa ndinkanyamula laputopu kupita kumalo ena odyera kumene kuli magetsi ndi intaneti. Ndinasiya tsiku lomwe ndinali kukambirana pa foni ndi kasitomala za ngongole ya kampani yake, ndipo nditatembenuka ndinapeza kuti pa tebulo la kumbuyo kwanga pakhala munthu amene ndimamudziwa, wogwira ntchito ku banki. Sindikudziwa kuti anamva zingati. Blantyre ndi wamng'ono, ndipo chinsinsi cha kasitomala chikatuluka, amene amayankha ndi loya, osati mwini malo odyera.

Pakhomo nkhani inali ina. Kwathu kuno munthu amene ali pakhomo masana ndiye kuti alibe chochita. Galimoto ikaoneka pabwalo, uthenga wafika kale. Amayi oyandikana nawo ankagogoda ndi kapepala m'manja: "Aloya, pepani, tangondionerani aka, ndi za puloti ya malemu achimwene." Kapepala kamodzi n'kukhala ola lathunthu, tiyi pamwamba. Apongozi anabwera kuchokera ku Thyolo kudzaonana ndi adokotala, ndipo pa banja lonse amene anasankhidwa kuwaperekeza ndi kukhala nawo pa mzere anali ine, "poti mayi a mwana ali pakhomo." Maliro a kumpingo, ine. Wokonza mpope akubwera, ine. Sindinkatha kukana, ndipo kunena zoona zina ndinkazifuna ndekha, chifukwa zaka zonse zam'mbuyo ndinkadziona ngati mlendo pakhomo panga.

Mtsikana wolera mwana nayenso anayamba kumasuka. Mwana akangolira pang'ono ankabwera naye ku tebulo lodyera kumene ndinkagwirira ntchito: "Mayi, akufuna inu." Tsiku lina tili pa msonkhano wa pa Zoom ndi maloya a mbali inayo, kukambirana zothetsa mlandu kunja kwa khoti, ndinali nditavala jekete yakuda kumtunda, kumunsi chitenje, mwana ali pamiyendo pansi pa tebulo akuyamwa, phazi langa likukankha chitseko cha kukhitchini kuti phokoso la mbale lisamveke. Loya wa mbali inayo anatchula ndalama imene kasitomala wake angavomere, ine n'kulemba pa chikuto cha kope ya mwana wamkulu chifukwa ndi imene inali pafupi. Madzulo ndinaisakasaka nambalayo, n'kuipeza m'chikwama cha sukulu. Amayi anga anali atabwera kudzacheza sabata imeneyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, mapanga awiri avumbwitsa." Ndinawakwiyira, koma sindinawayankhe.

Ku ofesi nako ankandiona mwa mtundu wina. Popeza sindinkaoneka, ndinkaona kuti ndiyenera kuonetsa kuti ndilipo, ndiye uthenga uliwonse wa pa WhatsApp ndinkayankha pompopompo, kaya ndi 6 koloko m'mawa kaya 10 koloko usiku. Anthu anazolowera. Wina akafuna kuweruka msanga ankanditumizira ntchito yake yotsala, "poti inu muli kunyumba kale." Maola amene ndinkagwira anachuluka kuposa kale, koma milandu yonona inayamba kundidutsa. Panalibe amene anachita kukonza zimenezi. Kasitomala watsopano akalowa, bwana amaitana amene wamuona pakhonde. Kumapeto kwa chaka anzanga anawaonjezera malipiro, ine anandiuza mwaulemu kuti tidikire "mukabwerera bwinobwino."

Chinthu chinadzaphulika kumayambiriro kwa 2023. Mwezi wa January ndi wothina kale kwa loya aliyense, chifukwa layisensi yathu imatha pa 31 January ndipo kuti uitengenso uyenera kukhala utakwaniritsa maphunziro oonjezera a CPD, ntchito yaulere yothandiza osowa ndi zina zimene a bungwe la maloya la Malawi Law Society amafuna. Ine ndinali m'mbuyo pa zonsezi. Chaka chimenecho boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera, ndiye wamkulu uja anali pakhomo. Wamng'ono anadwala chibayo, tinagonekedwa. Titatuluka, masiku a kukhoti ndinkangochoka ku Chirimba molunjika ku khoti ku Chichiri, kutha mlandu n'kubwerera kunyumba, ofesi osaiponda.

Nthawi yomweyo kasitomala wanga wina wa sitolo ku Limbe analandira chisamani cha mlandu wa ngongole. Anachita zoyenera: anachiika mu envulopu, n'kulembapo dzina langa, n'kutuma dalaivala kukasiya ku ofesi. Wa pa risepushoni anachitanso zimene ankachita masiku onse: anaika envulopuyo pa desiki yanga. Inakhala pamenepo, ena n'kuunjikapo magazini ndi makalata a mabanki. Malamulo a High Court a 2017 amapereka masiku 14 kuti wosumiridwa ayankhe, ndi masiku 28 kuti apereke mfundo zake zodzitetezera, kuwerengera tsiku limene walandira chisamani. Masiku amenewa sadziwa kuti loya ali ku chipatala ndi mwana. Atadutsa, a mbali inayo anapempha chigamulo popeza ife sitinayankhe, ndipo anapatsidwa.

Ndinadziwa kudzera pa foni ya kasitomalayo. Sanandipatse n'komwe moni. "Mayi, pasitolo pano pali masherifu, akulemba katundu. Si ndinakutumizirani mapepala aja?" Ndinali ndikusambitsa mwana. Ndinamva miyendo kuzizira. Ndinathamangira ku ofesi, n'kuipeza envulopu ija yosatsegula, dzina langa lili pamwamba ndi inki yabuluu.

Zotsatira zake loya aliyense akuzidziwa: kupempha khoti liimitse kaye kulanda katundu, kenako kupempha kuti chigamulo chija chichotsedwe kuti mlandu umvedwe. Chimene sindidzaiwala ndi kulemba chikalata cholumbira chofotokoza chifukwa chimene tinachedwera. Umayenera kunena zoona, ndipo zoona zake zinali zakuti chisamani chinagona pa desiki ya loya. Ndinachilemba usiku, kufufuta, kulembanso, kufunafuna mawu oti asandichititse manyazi, koma panalibe. Pempholo linatenga miyezi kuti lithe. Pakati pake panadutsa namondwe wa Freddy, mu March, amene anagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, ndipo kwa kanthawi mzinda wonse maganizo anali kumeneko. Khoti linavomera kuchotsa chigamulocho, koma ndalama za masherifu ndi zimene a mbali inayo anaononga zinagwera ife. Ofesi inalipira, kenako theka lake anandidula pa malipiro pang'onopang'ono. Kasitomalayo mlandu utangotha anatenga mafayilo ake onse n'kupita kwina. Akanafuna akanakandidandaulira ku komiti yosungitsa mwambo wa maloya, ndipo miyezi yonseyo ndinkagona ndi mantha amenewo. Sanatero, koma mpaka lero tikakumana ku Limbe moni wake ndi wa patali.

Ndinaganiza zosiya ntchito. Ndinaganizanso zongobwerera ku ofesi tsiku ndi tsiku, mwana azionana nane usiku. Amene anandibweza ndi mayi wina wamkulu pa ntchito yathuyi, amene ndinakhala naye tebulo limodzi pa maphunziro a CPD. Nditamufotokozera zonse sanandimvere chisoni monga ndinkayembekezera. Anandifunsa kuti, "Iwe, tsiku lililonse umalembera anthu makontirakiti. Wakowo uli kuti?" Ndinati tinangogwirizana pakamwa. Anaseka. "Kasitomala atabwera ndi nkhani imeneyo ungamuuze chiyani? Vuto si kunyumba. Envulopu ija ikanagonanso pa desiki ukanakhala ku Mzuzu pa mlandu wa masabata awiri. Ofesi yanu ilibe njira yolandirira mapepala, iwe wangokhala woyamba kugweramo."

Mawu amenewa anandipatsa poyambira. Ndinalemba pangano la masamba awiri n'kupita nalo kwa bwana, osati ngati dandaulo koma ngati njira yoti za masherifu zisachitikenso kwa wina aliyense. Tinatchula masiku enieni amene ndizipezeka mu ofesi, ndipo ngakhale tsiku la kukhoti ndiyenera kudutsira pa desiki yanga. Pepala lililonse la khoti likafika, kaya ndi la ndani, kalaliki amalidinda tsiku, kulijambula n'kulitumiza kwa mwini fayilo ndi kwa loya wachiwiri tsiku lomwelo, ndipo tsiku lomaliza kuyankha limalowa mu dayale imene tonse timaiona. Fayilo iliyonse yanga ili ndi mnzanga amene amaidziwa, inenso ndimadziwa zake. Ikakwana 5 koloko uthenga umadikira mawa, kupatula za chiletso cha khoti kapena munthu amene wamangidwa, ndipo zoterozo amaimba, salemba. Ofesi inavomera kugula bandulo ya mwezi ndi mapepala. Za inveta anakana, ati ndi katundu wa pakhomo panga, ndipo sindinalimbane nazo.

Pa malipiro ndi pamene tinakokana kwambiri. Iwo ankafuna andidule poti masiku a mu ofesi achepa. Ine ndinabweretsa ndandanda wa ntchito imene ndinamaliza ndi ndalama zimene inalowetsa chaka chathacho. Ndikanakhala kuti sindinkalemba maola anga ndi mabilu, ndikanalowa m'chipindamo ndi pakamwa pokha. Tinagwirizana kuti malipiro akhale momwemo ndipo azindiyeza ndi ntchito yotuluka. Yambani kulemba zimenezi tsiku loyamba, ngakhale palibe wakufunsani.

Chosankha chowawa chinali mtundu wa ntchito. Milandu ya m'khoti siyenderana ndi mwana wa m'manja. Umauzidwa 9 koloko, mlandu n'kuyamba masana kapena kusunthidwa utadikira tsiku lonse, ndipo sungauze jaji kuti belu la kusukulu lalira. Ndinapereka milandu yambiri kwa anzanga n'kutenga ntchito ya pa tebulo: makontirakiti, kusintha umwini wa malo, chikole cha ngongole za mabanki, kulembetsa makampani, mawilo ndi chuma cha masiye. Ntchito imeneyi imatheka pakhomo ndipo umaikonza wekha nthawi yake. Koma ndisakunamizeni, ndinataya kanthu. Ine ndinaphunzira zamalamulo chifukwa chofuna kuima pamaso pa jaji. Anzanga amene tinayamba limodzi mayina awo akumveka pa milandu ikuluikulu, ena atsegula maofesi awo. Ndikamva pa wailesi dzina la mnzanga, mtima umandipweteka pang'ono, kenako ndimapitiriza kuwerenga kontirakiti yanga. Ndinasungako milandu yochepa, makamaka ya ku khoti la za ntchito, kuti lilime lisachite dzimbiri.

Pakhomo tinasinthanso zinthu. Ndinachoka pa tebulo lodyera n'kusamukira ku boyizikota, imene tinkasungiramo makatoni ndi matumba a chimanga. Tinaikamo desiki, kabati ya loko ndi waya wochokera ku inveta. M'mawa ndimasamba, kuvala, kutsanzika ana ngati ndikupita kutauni, n'kuzungulira kuseri. Zikumveka zoseketsa koma zinathandiza, mwana akamaona thumba paphewa amadziwa kuti amayi apita. Mapepala enieni a malo ndi mawilo sindibwera nawo kunyumba, amakhala mu sefa ku ofesi, ine ndimagwira ndi makope. Laputopu ya ntchito ana saigwira, ngakhale alire bwanji kufuna makatuni. Panopa kulinso lamulo la Data Protection Act la 2024, ndiye kusamala zinsinsi za anthu si nkhani ya ulemu wokha.

Wolera mwana ndinakhala naye pansi. Ndinazindikira kuti zomwe ndinkadandaula kwa bwana wanga ndinkamuchitanso iyeyo: maola osadziwika, tchuthi chongoganizira. Tinalemba zake, ndinamuonjezera malipiro, ndipo tinagwirizana kuti kuboyizikota amagogoda pokhapokha mwana watentha thupi kapena wavulala. Abambo akunyumba anatenga udindo wokasiya ana kusukulu ndi misonkhano ya makolo. Sizinabwere zokha, tinakangana kaye, chifukwa nawonso mumtima ankaona ngati ine ndili pa tchuthi chotalika. Kwa apongozi ndi abale sindinalankhule ndekha, ndinawapempha iwowo kuti akanene kwawo, ine ndinanena kwathu. Kwa oyandikana nawo ndinaphunzira kunena kuti, "Pepani mayi, panopa ndili pantchito, mubwere Loweruka masana," ndipo amene nkhani yake ndi yaikulu ndimamulozera ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ena anandiona ngati wonyada. Mmodzi anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi.

Pa ndalama, phindu lake lenileni ndinaliona pa mafuta. Nthawi zimene mafuta ankasowa, anzanga akugona pa mizere, galimoto yanga inkatha masiku ili pabwalo. Kwacha itagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, batire ya inveta inali itayamba kufooka, ndipo yatsopano ndinaigula pa mtengo umene sindifuna kuukumbukira. Ndikaphatikiza zonse, kugwirira kunyumba sikunandisungire ndalama. Kunandipatsa nthawi ya masana ndi ana, n'kundilanda liwiro pa ntchito.

Panganolo timaliunika mwezi wa January uliwonse, tikamakonzekera za malayisensi. Ulendo wathawu bwana anapempha kuti ndionjezere tsiku limodzi mu ofesi chifukwa kwabwera maloya achinyamata ofunika kuwayang'anira, ndipo ntchito imeneyo pa foni siyenda. Ndinavomera, popeza wamng'ono uja anayamba sukulu ya mkaka, koma ndinapempha kuti posinthana andibwezere milandu ingapo ya ku Commercial Division, nthambi ya High Court yoona milandu ya zamalonda. Tinalemba, tonse tinasayina, ndipo kope yanga ili mu kabati ya kuboyizikota. Mnyamata wina mu ofesi, amene mkazi wake ali woyembekezera, anadzandibwereka kuti aonere polemba yake, ndipo masabata ake awiri aja wanena kale kuti atenga.